Kamchira ka mu Ng'ombe

Usiku wapita theka.
Jenereta ya kiliniki ikutsokomola kuseri kwa khoma,
ine ndi sikirini yakuda tayang'anizana
ngati apongozi okumana pa kanjira kopanikiza.

Ntchito yake ndi yochepa:
sikiripiti yanga ya mizere khumi ndi isanu
iuze pulogalamu yakale ija
komwe kuli fayilo ya zotsatira za magazi.
Basi. Iyo isindikize, anamwino agawe mmawa.

Yankho likungobwera lomwelo:
sindinaipeze.

Fayilo ilipo, ndikuiona ndi maso angawa.
Mayi Tisiyenji Daka anaitcha dzina Lachisanu
monga amayankhulira iwowo, mopumira:
zotsatira za Malichi zomaliza.
Mipata itatu yokha.
Koma shelo ikaona mpata imasolola mpeni.
Yadula dzina panayi ngati nzimbe za pa Mtendere,
pulogalamu n'kumagogoda khomo ndi khomo
kufunsa za munthu wotchedwa Za.

Ndinalikuta dzinalo ndi timichira tiwiri uku, tiwiri uku,
monga ndimagwirira dzanja la Lomanzi
tikamadumpha msewu pa Manda Hill.
Linafika lathunthu.
Pulogalamu inalitembenuza, inalinunkhiza,
n'kulibweza.

Paja iyo inabadwira kwina.
Kwawo timitengo ta njira timatsamira kumbuyo,
kwathu kuno timaweramira kutsogolo.
Ine ndikati /c/kiliniki
iyo imadziwa C:\kiliniki
nyumba imodzimodzi, mpanda womwewo,
koma mmodzi akulozera kuchokera pa thanki ya madzi,
wina kuchokera pa shopu ya owotcherera mageti.
Ndikatsamiritsa timitengo kumbuyo kuti imve,
shelo imatidya panjira
ngati mwana wotumidwa zitumbuwa.

Ndiye ndinati ndilembe ndekha njira yonse ndi zala,
kamchira kamodzi poyambira, kamodzi pothera,
kuti pasapezeke wodya kanthu.
Ndinadina.

Zii.

Kakuwala kakungophethira, kudikira.
Foda yathu dzina lake ndi Ng'ombe,
komboni yomwe ino, matope ake ali ku nsapato zanga,
ndipo kamchira kali pakati pa g ndi o
shelo yakayesa kotsekera mawu.
Kotsiriza kaja yakayesa munthu amene wayamba kuyankhula,
ndiye yakhala chete mwaulemu
kuti amalize.
Ikhoza kudikira mpaka mvula ya chaka chamawa.

Ndinaseka ndekha, kenako kuseka kunatha.
Ine ndine Ng'uni.
Pa khadi la kubanki ndine Nguni.
Pa pepala lina la mayeso ndinali Ng chabe,
zinazo zinagwera m'dzenje la makina a eni.
Atate ankati kamchirako ndi mphuno ya dzina,
ukakachotsa dzina limapuma ndi pakamwa.

Mabvuto anayankha foni ali m'tulo:
iwe, ingosintha foda ikhale Ngombe,
ndani adzadziwe?
Ndinayang'ana kiyibodi nthawi yaitali.
Kunali kungodina kamodzi.

Sindinadine.
Ndinaika njira m'thumba lake, "$njira",
ndinaitana kapulogalamu kotanthauzira
kaitembenuzire m'chiyankhulo cha mnzathuyo,
zimene katulutsa n'kuzikutanso timichira tiwiritiwiri
osasiya mpata woti mpeni ulowe.
Mzere umodzi. Maola atatu a moyo wanga.

Cha m'ma folo makina osindikizira anakoka mpweya.
Kunja minibasi yoyamba yayamba kale kuitana za m'tauni,
pa geti amayi atatu afunda zitenje, makadi m'manja.
Pepala loyamba linatuluka lofunda ngati buledi.
Sindiloledwa kuwerenga za m'magazi a anthu,
ndinangoona pamwamba pokha,
pomwe palembedwa malo:
g, kamchira, o,
chilichonse pamalo pake.

Ndinasiya kapepala pa tebulo la Mayi Daka:
mainawo pitirizani kutcha monga mumatchera.